Chithunzi Chatuluka Choyera

4 Febuluwale 2022

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kungoti msana wayamba kundiwerengera zaka.

Ndasankha kulemba kalata ngati kale chifukwa foni yanu masiku ano ili ndi mlonda. Ndikaimba amayankha ndi alamu: mwagona, muli kubafa, mwangotuluka kumene. Munthu mmodzi amasamba kangati pa tsiku?

Nkhani ndi ya shopu ya malemu bambo. Denga la kumbuyo, kumene timasunga siponji, likudontha, ndipo sabata yatha ndinapeza masofa a kasitomala atanyowa mpaka kumasipuling'i. Wamatayala woyandikana nafe uja wabweranso kudzafunsa ngati tingamugulitse malowa. Akufuna agumule khoma akuze sitolo yake. Ndamuuza kuti shopuyi ndi ya anthu awiri, ndipo mnzangayo ali kunja, akuyendetsa mabasi. Wandiseka, akuti nyimbo imeneyo anaimva kale.

Munachoka mukunena kuti mukadzapuma pa ntchito mudzabwera kudzakhala pa tebulo la bambo, inu muzidzakhoma, ine ndizidzasoka. Tebulolo lilipo, ndimaikapo sizasi ndi kapu ya tiyi. Ine manja atopa, achimwene. Kukoka nsalu pa mpando kumafuna mphamvu, ndipo zanga ndinazisiya m'chipinda cha bambo zaka zonse zimene ndinkawadwazika zija. Mundiuze chimodzi: mukubwera, kapena ndigulitse? Koma muyankhe ndi dzanja lanu.

Ine mlongo wanu.


11 Malichi 2022

Alamu,

Moni. Tathokoza kumva kuti mulipo. Kalata yanu yafika ndipo ndawawerengera achimwene anu. Akuti zikomo. M'thupi ali bwino, akudya, akuyenda. Za shopu akuti mudikire kaye.

Ine ntchito ya ku hotela, yochapa matawulo ndi nsalu za pabedi, yandichulukira. Ndimafika kunyumba miyendo itatupa, n'chifukwa chake sindilemba zambiri. Foni ndimayankha ine chifukwa eni ake anandipempha kutero. Musadandaule.

Ine mlamu wanu.


2 Meyi 2022

Alamu,

Moni ndapereka, poti ndi mwambo wa kalata.

Mwati mwawawerengera. Achimwene anayamba liti kuwerengeredwa kalata? Munthu amene ankawerengera bambo nyuzipepala yonse mpaka tsamba la maliro?

Ndisakubiseni. Ndinalemba kalata ina n'kuitumiza ku kampani ya mabasi kuti ikawapeze kuntchito, kopanda mlonda. Yabwerera dzulo isanatsegulidwe, ndipo pa envelopu alembapo kuti munthuyu anasiya ntchito chaka chatha. Chaka chatha, alamu. Ine kuno ndakhala ndikuuza anthu kuti mchimwene wanga akuyendetsa mabasi.

Ngati ayambiranso mowa, nenani, si koyamba. Ngati mwakangana, nenani. Koma ngati mukuganiza kuti ndikusaka chuma chawo, ndiye mwandiyesa molakwika. Ine ndinakula ndi hamala m'manja, sindinadyepo thukuta la munthu. Chimene ndikufuna ndi mawu a m'bale wanga. M'mimba mwa mayi tinatulukamo awiri okha, ndipo inu munawapeza ali nane kale.

Ine mlamu wanu.


(Kapepala kopanda deti)

Kamsomali mlongo wanga,

Uli bwanji? Ine ndili bwino. Kuno kukuzizira. Mkazi wanga akuti wakwiya. Usakwiye.

Bambo ali bwanji? Uwauze asamanyamule okha masofa akuluakulu, adikire ndibwere. Makina osokera aja akamadumpha ulusi usamawamenye, usinthe singano.

Basi yanga anapatsa munthu wina. Sindikudziwa chifukwa chake. Ndinkaisamala.

Kuno kukuzizira. Bambo uwapatse moni. Usamaike misomali m'kamwa ukamakhoma, udzameza.

Ine mchimwene wako.


30 Meyi 2022

Alamu,

Moni. Mwafuna dzanja lawo, ndiye ndi limenelo ndaika mu envelopu momwemu. Kapepalako kawatengera m'mawa wonse. Sindinawauze choti alembe, ndipo sindinawakumbutse kuti bambo anamwalira kalekale. Ndinawakumbutsapo tsiku lina, analira ngati uthenga wangofika kumene, madzulo n'kufunsanso.

Si mowa. Chaka chatha anadutsa siteji zonse za msewu umene ayendamo zaka zambiri, n'kukaimika basi yodzaza anthu pa bwalo la sukulu. Anthu akukuwa, iwo angogwira chiwongolero. Atafunsidwa anati msewu wasintha. Kampani inawatumiza kuchipatala.

Adokotala anatcha dzina lake kuti Alzheimer. Ndikuuzani monga ndinamvera ine, munthu wochapa. Akuti mu ubongo wa aliyense mumapangika kapuloteni kena, dzina lake amiloidi, ndipo thupi limakachotsa lokha. Koma mwa anthu ena kamapindika molakwika n'kumatirira ku kanzake, kanzakeko n'kukoka kena, mpaka tumaulusi, kenako zibuma zimene zimakhala pakati pa maselo a ubongo. Maselowo amasiya kumvana, kenako amafa. Ine ndinakumbukira tiusausa ta matawulo timene timatseka sefa ya makina oumitsira zovala. Kamodzi sukaona, koma tsiku lina umangopeza mpweya sukudutsa. Ndinawauza adokotala zimenezo, anati pafupifupi, kungoti sefa ya m'mutu siisololedwa.

Anationetsa chithunzi cha m'mutu mwawo. Malo amene muli zibumazo amaoneka ofiira, ndipo chofiiracho chinali ponseponse. Akuti zinayamba kuunjikana mwina zaka makumi awiri zapitazo, nthawi imene tinkakwatirana, munthu akuvina bwinobwino.

Tikutuluka m'chipatala anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Mlongo wanga usamuuze. Anatopa kale ndi bambo.” N'chifukwa chake ndinakhala mlonda. Lero sakukumbukira kuti anandiletsa, ndiye ndamasuka.

Pali mankhwala atsopano, a mu diripi, amene akuti amachotsa zibumazo. Achimwene anu awalemba m'gulu limene liyambe kuwalandira mwezi wamawa. Adokotala achenjeza kuti ubongo ungatupe, ndiye aziwajambula pafupipafupi. Ndavomera. China n'chiyani?

Ine mlamu wanu.


24 Juni 2022

Alamu,

Moni. Muli bwanji inuyo? Ndikufunsa za inu, osati za iwo.

Kapepala ka achimwene ndinakawerenga nditaimirira, ndiye ndinakhala pa sofa ya kasitomala yopanda nsalu, masipuling'i akundibaya, osamva. Mawu a m'kalata yanga ija muwataye ku bini.

Ndinazindikira ndisanawerenge n'komwe kalata yanu. Bambo anayamba chimodzimodzi. Ankafunsa za malemu mayi, ankabisa sizasi mu firiji, tsiku lina anakhoma nsalu ya mpando chadodolido n'kukalipira kasitomala kuti maso ake ndiwo apendekeka. Ife sitinapatsidwe chithunzi kapena dzina. Kuchipatala anati ndi ukalamba, oyandikana nafe anati apenga. Lero ndikumva kuti chinthucho chili ndi dzina, ndipo sindikudziwa ngati dzinalo likundipepuza kapena ayi.

Mukawafunse adokotalawo ngati zimayenda m'magazi. Bambo, achimwene, wotsala ndi ine. Dzulo ndinasowa tepi yoyezera, ndinaisaka shopu yonse, ili m'khosi mwanga. Kale ndikanaseka.

Wamatayala ndamuuza adikire. Tizilemberana choncho, alamu, pa foni ine ndimangolira n'kutha mayunitsi.

Ine mlamu wanu.


12 Disembala 2023

Alamu,

Moni. Pepani kuti chaka chino ndalemba timakalata tiwiri tokha, nato tachidule. Za magazi zija ndinakuuzani: akuti mwayi wodwala umakwera ngati kholo linadwala, koma si chigamulo.

Diripi yomaliza inali sabata yatha. Awajambulanso. Chithunzi chatuluka choyera, chofiira chija chatha pafupifupi chonse. Adokotala anaitana anzawo kudzaona. Ndatopa, ndilemba bwino ndikapuma.

Ine mlamu wanu.


3 Januwale 2024

Alamu,

Moni wa chaka chatsopano, ndipo ulendo uno ndi moni weniweni.

Kalata yanu ndaiwerengera aliyense amene walowa mu shopu, ngakhale wobwera kudzafunsa njira. Choyera! Ndimadziwa kuti mutu wa achimwene ndi wouma, sungagonje kwa tiusausa.

Wamatayala ndamuyankha komaliza kuti sindigulitsa, mwini tebulo akubwera. Wagula mbali inayo, ya wometa tsitsi, ndipo akugumula kale. Fumbi lake likugwera pa nsalu zanga koma sindikudandaula. Denga ndakonzetsa. Tebulo la bambo ndalipala n'kulipaka vanishi, ndipo kapu yanga ya tiyi ndaisamutsa.

Muwauze kuti pali ntchito yaikulu ya mipando ya m'holo ina imene ndinkafuna kukana. Ndaivomera. Asathamange, ayambe apeza mphamvu, koma mundiuze mwezi woti ndiziyembekezera. Kodi akukumbukira tsopano za bambo? Muwauze pang'onopang'ono.

Ine mlamu wanu.


3 Malichi 2024

Alamu,

Moni. Kalata yanu yakhala pamwamba pa firiji miyezi iwiri. Ndimaiyang'ana, nayo imandiyang'ana.

Ndinalemba moperewera. Chithunzi n'choyeradi. Munthu sanabwerere.

Tsiku limene adokotala ankaonetsana chithunzicho, achimwene anu anali pampando pambali panga, akuyesa kuvala jekete ngati buluku. Ndinafunsa kuti, “Nanga poti mwachotsa, bwanji sakudziwa kuti lero ndi liti?” Adokotalawo anavula magalasi n'kundiuza kuti zibumazo n'zimene zimayatsa moto, koma pofika pano moto unalowa kale m'nyumba. Akuti pali puloteni ina, tau, imene imapotana m'kati mwenimweni mwa maselo, ndipo mankhwala aja saikhudza. Maselo amene anafa sadzuka. Akuti mwina mankhwala achedwetsa matendawa miyezi ingapo. Ndinathokoza. Miyezi imeneyo sindikudziwa kuti inali iti, mwina ndinali kuntchito.

Tsopano nkhani imene ndimaopa. Chilankhulo cha kuno chawathawa. Anachiphunzira atakula, ndiye chachoka choyamba. Akuyankhula chakwathu chokhachokha, ndipo mumzinda muno wowamva ndine ndekha. Masana ndinkawasiya kumalo kumene amasamalira odwala otere. Mwezi watha mayi wina wogwira ntchito kumeneko anafuna kuwavula juzi kuti asambe. Iwo anamuuza kangapo kuti, “Ndisiyeni, ndikumva kuzizira,” iye osamva, ndiye anamukankha n'kugwa. Atiuza kuti asabwerenso.

Ndikumawatsekera m'nyumba ndikamapita kuntchito. Ndimachotsa mabatani a chitofu n'kuwaika m'chikwama. Ndikasiya ntchito sitidya, ndikapita kuntchito mtima umatsala pa loko. Sabata yatha ndinasinza nditaimirira pa makina osita n'kupsa mkono. Mulungu sanatipatse mwana woti ndimutume.

Ndikudziwa chimene ndikupempha komanso amene ndikumupempha. Kwanuko aliyense wodutsa pa msewu angawamve akati akumva kuzizira. Ndiwabweretse?

Ine mlamu wanu.


28 Malichi 2024

Alamu,

Moni. Mkonowo ukupola?

Yankho langa loyamba linali ayi. Ndinalilemba, ndinamata envelopu, ndinafika nalo mpaka pa khomo la positi ofesi.

Inu mukudziwa chiyambi cha matendawa, ine ndikudziwa mathero ake. Ndikudziwa kulemera kwa mwamuna wamkulu ukamamutembenuza pabedi. Ndikudziwa kudyetsa munthu amene waiwala kumeza. Bambo anandilavulira mankhwala kumaso akunditcha wakuba. Nthawi imeneyo ndinali ndi msana, mwana wanga anali asanakwatiwe, ndipo ndinkadzilimbitsa mtima kuti zikatha sindidzazionanso. Mwana wangayo ndamuimbira, akuti, “Amayi, mukufuna kufera m'chipinda chomwe chija?”

Ndiye mumve bwino. Sindikulonjeza mpaka mapeto. Ndikulonjeza miyezi itatu, kuti inu mugone, mkono upole, mupeze malo ena kapena nzeru zina. Ikatha tidzakambirana ngati anthu awiri otopa, popanda wonamiza mnzake.

Ntchito ya m'holo ija ndabweza theka. Mubwere ndi mapepala awo a kuchipatala ndi nsapato zosamanga zingwe. Chithunzi choyeracho musavutike nacho.

Ine mlamu wanu.


20 Juni 2024

Alamu,

Moni. Ndikhulupirira munayenda bwino pobwerera, ndipo kuntchito anakulandirani.

Mwafunsa pa foni kuti zikuyenda bwanji ndipo ndinati bwino. Nayi nkhani yonse.

Akudya. Akuyankhula kwambiri, ndi aliyense. Wamatayala amawapatsa mpando pakhomo pake, amakambirana za mabuleki mpaka dzuwa kupendeka, ndipo akuti pa nkhani ya mabuleki mulibe cholakwika m'mutu mwawo. Mu shopu ndimawapatsa pulayala kuti azizula misomali pa mipando yakale. Amazula bwino, mwaukhondo. Vuto n'lakuti sasiyanitsa yakale ndi imene ndamaliza. Lachiwiri ndinapita kukagula ulusi, pobwera ndinapeza sofa imene ndinaivutikira sabata yonse ili mbulanda, iwo akumwetulira, misomali ataindandalika pa tebulo. Ndinalowa kumbuyo, ndinaluma siponji kuti ndisakuwe.

Koma ine sakundidziwa, alamu. Amanditcha “mayi a shopu”. Amandilemekeza kwambiri, amapempha chilolezo asanamwe madzi. Ndinawaonetsa chithunzi chathu tili ana, analoza kamtsikanako n'kunena kuti, “Uyu ndi mlongo wanga, ndi wovuta koma ndi wabwino.” Ndinati ndine. Anandiyang'ana mwachisoni, ngati munthu amene akufuna kuwabera.

Amene akumudziwa ndi inu. Ikamakwana nthawi imene munkaweruka kuntchito, amavala jekete n'kuima pakhomo, maso kumsewu. Ndikati lowani kwazizira, amati, “Mkazi wanga amabwera atatopa, ndimulandire chikwama.” Amaima mpaka miyendo kunjenjemera. Ndimawanamiza kuti mwachedwa kuntchito, amavomera, mawa lake chimodzimodzi.

Kumeneko anali ndi munthu wopanda chilankhulo, kuno ali ndi chilankhulo wopanda munthu. Sindikudziwa kuti chabwino n'chiti. Miyezi itatu ikutha pakati pa Ogasiti.

Ine mlamu wanu.


15 Julayi 2024

Alamu,

Moni. Kalata yanu ndinaiwerengera m'basi, ndipo ndinapitirira siteji yanga.

Munati tisanamizane. Malo ena sindinawapeze, kulikonse akuti mndandanda ndi wautali. Ndafunsa za kusiya ntchito kuti ndibwere konko, akuti ndikapirira mpaka kutha kwa chaka ndidzachoka ndi kangachepe ka penshoni. Zimenezo n'zoona, koma si zokhazo.

Ndikugona, alamu. Ndimafika kunyumba, ndimavula nsapato, palibe wondifunsa kuti ndine ndani kapena bambo ali kuti. Chitofu chili ndi mabatani ake. Lamlungu ndinakhala pawindo tsiku lonse osachita kanthu. Achimwene anu ndimawasowa kwambiri, komabe ndikaganiza zokwera ndege miyendo imakana. Munthu akundidikira pakhomo ndi jekete, ine ndikupempha kuti ndigonenso.

Sindingathe kubwera mu Ogasiti. Mukanditukwana ndimva.

Ine mlamu wanu.


2 Ogasiti 2024

Alamu,

Moni. Sindikutukwanani, mphamvu zake ndilibe.

Ndaika mpando pakhomo kuti azidikira atakhala. Dzulo ndinatulutsanso wanga, tinakhala awiri kuyang'ana msewu. Anandifunsa kuti, “Nanunso mukudikira munthu, mayi?” Ndinati eya, mchimwene wanga. Anati, “Musadandaule, abwera.”

Disembala, alamu. Osapitirira. Pakadali pano gonani.

Ine mlamu wanu.